Msuweni Wanga Ankaopa Madzi

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndipo akuti aphunzitsi a ku Mua atamva kuti sindibweranso anayamba kunenepa. Choncho mukaona mawu ena akutsimphina m'nkhani ino, asiyeni, afika ndithu. Phunziro limodzi lokha ndi limene ndinakhoza popanda ndodo: kuseka anthu. Pamenepo ndinali katswiri. Ndinkatha kuyenda ngati munthu aliyense wa m'mudzi mwathu, kutsokomola ngati iye, mpaka mwini wake n'kumaseka nawo asanadziwe kuti akudziseka yekha.

Nkhani ndi ya msuweni wanga wamkazi, mwana wa azakhali, mlongo wawo wa bambo. Ndinamuposa ndi chaka chimodzi. Mudzi wawo ndi wathu unangolekana ndi munda wa thonje.

Kuchigwa kuno madzi sanena odi. Mvula imagwa kumtunda, kumapiri a Dedza, kuno dzuwa likuswa mtengo, mtsinje uli mchenga wokhawokha, amayi akufukula kuti apeze otunga. Kenako kumamveka mkokomo. Woyamba kuumva amakuwa kuti "Madzi!" ndipo aliyense amataya chimene wanyamula n'kuthawira pamtunda. Mwana aliyense amaphunzitsidwa zimenezi asanadziwe ndi kupemphera komwe.

Msuweni ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi anali mumtsinjemo ndi mayi ake, atagwira dzanja kamlongo kake kongoyamba kuyenda. Munthu anakuwa. Iye anachita ndendende zimene anamuphunzitsa: anataya dzanja lija n'kuthawa. Mayi anabwerera kukatola mwana. Anawapeza onse awiri tsiku lachitatu, m'bango, kumunsi kwa mlatho wa njanji.

Anamulera ndi azakhali aang'ono, mng'ono wawo wa malemu. Anakula bwinobwino, wamtali, wa mano oyera, wakhama pa khasu. Koma thupi lake linali ngati la gwape. Lichero likagwa, iye wadumpha. Sitima ikamadutsa ankagwira mtengo mpaka ithe. M'manja mwake munkakhala thukuta ngakhale m'mwezi wa Juni. Kusukulu zilembo sizinkakhazikika m'mutu mwake, ndipo analeka ine ndisanaleke, chimene chinali chinthu chovuta kuchita.

Ndinali ndi zaka ngati khumi ndi ziwiri pamene ndinatulukira masewera anga. Msuweni ankabwera ndi dengu la malambe pamutu, ine nditabisala kuseri kwa nkhokwe. Ndinakuwa kuti "Madzi!" Abale inu, dengu uko, malambe uko, munthu ali pamwamba pa chulu ndisanatseke n'komwe pakamwa. Unali mwezi wa Seputembala, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Mudzi wonse unagwa ndi phwete.

Tsono mudziwe kuti msuweni sakwiyirana naye. Ukhoza kumulanda chinangwa pakamwa, kumunena mphuno, kumutchula mkazi wako pamaso pa akuluakulu, palibe mlandu. Wokwiya ndiye amaoneka wosaleredwa. Choncho anatsika pachulu paja, ndipo mwambo unafuna kuti abweze.

"Mkazi wanga," ndinatero, "liwiro lonseli ukuthamangira kwa mwamuna uti?"

"Choka apa iwe! Mwamuna wanji miyendo ngati ya kakowa? Ndikakukwatiwa ndizidzakubereka kumsana powoloka ngalande."

Anthu anasekanso, n'kumati awiriwa amakondana. Iye ankaseka ndi pakamwa pokha. Potola malambe aja, lina analitola katatu. Ine ndinaona. Musaganize kuti sindinaone.

Ndinachita zimenezi zaka ndi zaka. Pachitsime, pamsika wa thonje ku Mtakataka, potuluka m'tchalitchi. Mitsuko imene inasweka chifukwa cha ine ikanakwana kumangira khola. Azakhali ankati, "Iwe, mnzakoyu uzimuleka," koma ndikati, "Azakhali, nanga si mkazi wanga?" nawonso ankamwetulira n'kupukusa mutu.

Tsiku lina tikutola thonje, mizere yathu itayandikana, anandilankhula motsitsa mawu, osandiyang'ana.

"Ndikupemphe kanthu, osati zoseka. Ukakuwa muja mutu umandiwawa masiku awiri. Chakudya sichitsika. Ndimamva ngati mtima ukufuna kutulukira pakhosi. Leka."

Ndikanangoti chabwino. Mawu amodzi. Koma ndinati, "Undikwatiwe kaye, ndidzaleka mawa lake." Anandigenda ndi thonje, poti ndi zimene msuweni amayenera kuchita.

Chapakati pa zaka za m'ma 1950 kunabwera mwamuna. Anali wokonza njanji, wa gulu la ku Golomoti, wochokera kutali kumwera, munthu wofatsa amene ankavula chipewa ngakhale polonjera mbuzi. Anamuona msuweni ku Misa, ankhoswe anakambirana, anamanga nyumba pamudzi pa azakhali ngati mkamwini. Za mtsinje uja palibe anamuuza. Azakhali anayenda khomo ndi khomo kuchenjeza anthu, ndipo ine anandiitana pandekha.

"Iwe makamaka. Pakamwa pakopo usoke. Munthuyu akamva kuti mnzako mutu umamuthawa, apita. Wandimva?"

"Ndamva, azakhali. Singano muli nayo?"

Sanaseke.

Msuweni nayenso anandipeza panjira. Anati iye safuna zambiri pa dziko lino. Akungofuna nyumba yake, ndi mwana wake kumsana, azipita naye kudimba ngati anzake, anthu aleke kumuyang'ana ngati mphika wong'aluka. Ndinalumbira, ndinachita ndi chizindikiro cha mtanda.

Ndipo ndinasunga, chaka ndi miyezi. Mukanamuona nthawi imeneyo! Masaya anadzaza. Sitima ikamadutsa ankangoima n'kunena kuti, "Njanji imeneyo akonza ndi akunyumba kwanga." Anatenga pakati, anachira bwino, mwana wamkazi. Anatuluka m'chikuta, mwana anabatizidwa.

Linali Lamulungu masana, mwezi wa Disembala, mwana ali ndi masabata ngati asanu. Tinakhala pansi pa mtengo wa bwemba pakhomo pa azakhali, amuna uku ndi chipanda cha masese, amayi uko pamikeka. Kumapiri kunali kutada bii, mabingu akumveka patali. Msuweni anakhala chotambalala, akuyamwitsa.

Mkamwini uja, mowa utamumasula lilime, anaganiza zondiyesa pa masewera anga omwe.

"Achimwene, mkazi mumati ndi wanu uja, taonani waberekera ine. Inu munali kuti? Kapena munkadikira miyendo inenepe?"

Anthu anaseka. Anaseka ine. Ine amene ndinkaseketsa mudzi wonse, kusekedwa ndi mlendo wovulira mbuzi chipewa!

"Inu mwamudziwa dzulodzuloli," ndinatero. "Ameneyu amamvera ine. Mawu amodzi okha, akusiyani pompano."

"Tanenani timve."

Ndinaona azakhali akuyamba kudzuka, dzanja lili m'mwamba. Ndinaona. Koma pakamwa panali patatseguka kale, ndipo ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse.

Msuweni anatambasula manja onse awiri. Mwana anagubuduka kuchoka pamiyendo n'kugwera pansi chafufumimba. Mayi ake anali atadumpha kale mtondo, bere lili pamtunda, akuswa chimanga cha m'munda kulunjika kuchulu. Panamveka kulira kwa khanda ndi kuseka kwa munthu mmodzi. Ndinali ine, ndipo kunathera pakati.

Mwana sanavulale. Anangodya dothi ndi kukalika pamphumi. Azakhali anamutola, anamupukuta, anapita naye kuchulu kuja.

"Tsika, mwana wanga. Taona, ali bwinobwino. Akufuna bere."

Koma iye anabisa manja m'khwapa, akungobwereza kuti, "Ndamutaya. Ndamutayanso. Musandipatse, ndimutaya."

Anatsika dzuwa litapendeka, atachita kumugwira amayi atatu. Kuyambira tsikulo anali ngati nyumba imene eni ake asamuka. Ankakhala pakhonde kuyang'ana malo amodzi. Osasamba, osadya, tulo osabwera. Akamuikira mwana pamiyendo ankauma gwa, thukuta kamukamu, mpaka amuchotse. Sabata isanathe mkaka unaphwa. Anapita naye kwa sing'anga, anamutema mphini m'mutu monse. Abambo a kumishoni anabwera pa njinga kudzamupempherera. Kuchipatala anamupatsa mankhwala ogonetsa, anagonadi, koma podzuka anali yemweyo.

Ankhoswe anakhala pansi. Ine ndinapita nditakonzeka kumangidwa, kukwapulidwa, chilichonse. Kunena zoona ndinkafuna. Koma wamkulu wina anati, "Awa anali masewera a pachisuweni. Kuyambira kale pachisuweni palibe mlandu." Onse anavomera. Nkhani inatembenuka n'kukhala yoti ndani walodza mwana wa eni, ndipo anayamba kutchulana mayina a nkhalamba za m'mudzi. Ine anandiuza kuti ndisunthe, ndikutchinga mphepo.

Mkamwini sanakweze mawu. Anangouza nkhoswe yake kuti, "Munandibisira. Chikhala munandiuza, bwenzi nditadziwa posamala." Anapempha kuti amusinthire ku gulu lina la njanji, ndipo chimanga chisanache anali atapita. Ndinakumana naye pa siteshoni ya Golomoti atanyamula kabokosi kake. Anandivulira chipewa. Bola akanandimenya nacho.

Amayi akuluakulu anagamula kuti mwana akhale kumsana kwa azakhali, ndipo mayi ake asamasiyidwe naye okha. Anakulira mkaka wa mbuzi ndi phala. Patapita chaka msuweni anayamba kutolera, anabwerera kumunda, ankatha kuphika. Tsiku lina anatenga nsalu n'kupempha kuti abereke mwana wake kungofika pachitsime. Azakhali anayang'ana kumapiri, kunali mitambo, anati, "Mawa." Mawa lakelo silinafike. Mwana anayamba kuyenda, anakula, anazolowera kunena kuti amayi kwa azakhali. Mayi ake enieni ankawatchula kuti "aja a pakhonde".

Ine sindinakuwenso. Koma chinathandiza chiyani? Akandiona ankandimwetulira n'kunena kuti, "Wabwera mwamuna wanga wa miyendo," chifukwa mwambo sunathe. Asanafike zaka makumi asanu anayamba kuiwala. Ankaika mchere kawiri, ankasochera pochokera kudimba, mtima unkamuthamanga atangokhala. Anamwalira imvi zisanakwane m'mutu.

Ndili ndi mdzukulu amene ndi namwino. Ameneyo amalankhula ngati wailesi, ndipo ine ndimamuputa dala kuti ndisagone masana. Tsiku lina ankandiyeza magazi pamkono n'kumandikalipira kuti ndichepetse nkhawa. Ndinati nkhawa ili mumtima, magazi ikuwadziwa bwanji? Anati, "Agogo, munthu akaopsedwa, tiziwalo tina tili pamwamba pa impso timathira mahomoni m'magazi, kuti athe kuthawa. Ngozi ikatha amaphwa. Koma mwana amene waona zoopsa, nthawi zina thupi lake silivomera kuti ngozi inatha. Limangothirabe. Zikapitirira zaka zambiri zimatopetsa ubongo, tulo timasowa, munthu amaiwalaiwala, mtima umafooka. Ndipo mayi amene wangochira kumene ndiye amakhala wosalimba kwenikweni."

Ndinafunsa kuti, nanga wina akamamuopseza dala, kawirikawiri?

"Ameneyo ndiye akuthira nkhuni pamoto, agogo. Ndi munthu woipa mtima. Mukufunsiranji?"

Ndinati ndikungoyesa ngati sukulu yake inapindula.

Mwana wa msuweni uja alipo. Pano ndi gogo nayenso, amakhala ku Mtakataka. Akuluakulu onse amene anali pansi pa bwemba tsiku lija anatha, ndatsala ine, poti Mulungu amadziwa kulanga. Chaka chatha anabwera kudzandiona, atanyamula nkhuku. Amanditchula kuti bambo, popeza mayi ake anali mkazi wanga wa pachisuweni. Tinacheza za mvula, za miyendo yotupa. Kenako anakonza nsalu yake pamaondo n'kunena kuti:

"Bambo, inu munalipo. Pali chimene chimandidya kuyambira ndili mwana. Anthu ankati amayi anandiponya pansi ndili khanda, anandikana. Ine ndabereka ana asanu ndi mmodzi, ndipo sindimvetsa. Ndinawalakwira chiyani? Kodi ndinali mwana woipa maonekedwe?"

Anadikira. Ndinali ndi mpata wonse, panalibe wina pakhomo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Woipa? Iwe unali ngati chule wophwanyidwa ndi ngolo. Ngakhale ine ndikanakuponya."

Anaseka. Anaseka mpaka kupukuta m'maso, n'kunena kuti, "Inu bambo simudzasintha." Anakhalako pang'ono, kuona ngati ndiwonjezera. Kenako anati akathamangire minibasi dzuwa lisanatenthe, anandisiyira nkhuku ija ili chimangire miyendo, ndipo anapita.