Anandibwereka mwana kuti akaonane ndi dokotala

Lachiwiri lapitali, 6 koloko m'mawa, nkhungu isanachoke m'phiri, a Nangozo anagogoda pakhomo panga. A Nangozo ndi alamu anga, akazi a alongo anga a Lenadi. Akhala m'banja zaka zisanu ndi ziwiri ndipo mphatso ya mwana palibe.

Ndinayesa afuna mchere. Iwo anakhala pakhonde, nkuyang'ana pansi.

"Alamu, mundibwereke Tadala lero lokha," anatero.

Tadala ndi mwana wanga wa miyezi isanu ndi inayi. Ndinafunsa kuti apita naye kuti.

"Kuchipatala. Lero ndi tsiku la sikelo. Ndikapita manjamanja, amayi a pamzere akandifunsa kuti ndatsata chiyani. Ndikabereka mwana kumbuyo, palibe akandiyang'ane kawiri. Ndikafika kwa anesi ndikanena zanga."

Ine ndine wamanyazi, amene amandidziwa angakuuzeni. Sukulu ndidalekera Sitandade 5, ndipo pamsonkhano ndimakhala kumbuyo. Koma mawu amenewa anandilasa. Ndinangoti, "Mwana muberekadi inu, koma ine ndikutsatani, chifukwa akalira mulibe chomupatsa."

Anaseka. Kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Chifukwa chake cha changu chonsechi ndi ichi: ankhoswe agwirizana kuti akumana mwezi uno ukamatha. Apongozi awo, amene ndi mayi anga ondibereka, akuti mwana wawo sangakalambe opanda womutuma madzi. Akufuna banja lithe.

Tinakwera minibasi pa Chimbiya. Kuchipatala tinapeza mizere itatu. Wa sikelo, wa amayi oyembekezera, ndi wa olera. Pakhoma panali zithunzi zophunzitsa kulera, mayi wonenepa wa ana atatu, pambali pake mayi wowonda wa ana ambiri. Ndinayang'ana makoma onse. Chithunzi cha mayi wopanda mwana sindinachione.

Amati wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Nanga ngati nyumbayo adaimanga yopanda chitseko chake?

Atafika kwa anesi, alamu ananong'ona. Anesi anayang'ana Tadala, nkuyang'ana iwo.

"Mayi, mukuti simubereka, nanga uyu mwabereka kumbuyoyu ndi dzungu?"

Pakamwa panga panatseguka pokha. "Ndi wanga ameneyo. Angobwereka."

Anesi aja anatembenukira kwa alamu. Kenaka anati, "Si inu oyamba." Anatitengera kuchipinda cha adokotala, mayi wachitsikana wovala majuzi awiri chifukwa cha chisanu chathu chino.

Adokotala anafunsa mafunso ambiri, modekha. Alamu anafotokoza zonse: mizu yomwe adamwa ku Lobi mpaka kusanza, mphini za m'chiuno, mapemphero a kuphiri. Adokotala anamvetsera osaseka. Potsiriza ananena zomwe zandipangitsa kulemba lero.

"Mayi, ndisakunamizeni. Ine ndidaphunzira udokotala wa matenda onse. Kubereketsa ndimadziwa, malungo ndimadziwa. Koma za kusabereka zili ndi maphunziro akeake. Munthu amayamba wakhala dokotala, kenaka aphunzire za matenda a amayi, kenaka apitenso zaka zina kukaphunzira za kusabereka zokhazokha, pansi pa akatswiri. Maphunziro amenewo ali kunja. Ine ndimawafuna. Koma ndikawatchula, anzanga amandiseka, amati dziko lino ana achuluka kale, ukataya nthawi."

Ana achuluka kale! Achuluka m'nyumba ya yani? Kodi a Nangozo akalowa m'nyumba mwawo madzulo, amapezamo ana a dziko lino?

Sindikunyoza kulera, ine ndemwe ndimabayitsa jakisoni. Koma ngati tidatha kuphunzitsa anesi m'midzi monse kuthandiza mayi kuti apumule kubereka, chingatikanike nchiyani kuphunzitsa madokotala angapo kuthandiza amene sanayambe nkomwe? Wina adzati tiyambe tathana ndi malungo ndi matenda atsopanowa. Zoona, amenewo akupha. Koma mayi wotchedwa chumba naye amafa ali moyo. Kuchinamwali samulankhulitsa. Kuchikuta samulowetsa. Mwana wa mnzake akadwala, maso onse amatembenukira kwa iye. Ena amathamangitsidwa, ena amakakamizidwa kulowetsa fisi m'nyumba, nkutengako matenda omwe tikuwaopawo.

Masiku ano akuti tili pa ufulu, aliyense alankhule. Aphungu akabwera timapempha mijigo, milatho ndi feteleza. Ndidakhalapo pamisonkhano yotere, koma sindidamvepo munthu akuimirira kuti, "Titumizireni dokotala mmodzi akaphunzire za kusabereka, akabwerere kuno." Tingaimirire bwanji, poti ngakhale kuchipatala timachita kubwereka mwana kuti tilowe? Vuto lomwe eni ake amabisa, boma lingalione bwanji?

Ndiye ine ndapempha pano, polemba, poti pagulu mawu amandithawa. Amene mumasankha opita kumaphunziro akunja, adokotala a majuzi awiri aja alipo, ndipo akufuna. Atumizeni. Akachedwa zaka zitatu, zinayi, tidikira. Alamu anga adikira kale zisanu ndi ziwiri popanda dokotala womuyembekezera.

Koma adokotala sanatibweze chimanjamanja. Anati pali chimodzi chomwe angathe ngakhale lero.

"Tisanayambe kukuvutitsani inu, abwere abambo Lachisanu. Kuyeza abambo nkosavuta, timangoona mbewu yawo pa makina. Nthawi zambiri vuto limakhala kwa iwo, kapena kwa onse awiri. Adayezetsapo?"

Alamu anaseka chomvetsa chisoni. "Adokotala, ndikayambire pati? Ine mtengwa ndikauze mwamuna wanga kuti mwina gojo ndi iyeyo? Katundu wanga akhala ali panja dzuwa lisanalowe."

"Nanga alibe mbale wawo amene angawauze?"

Onse awiri anatembenukira kwa ine. Ine ndinayang'ana Tadala.

Kwathu mlongo salankhula za kuchipinda ndi mlongo wake. Nzolaula. A Lenadi ndi aakulu kwa ine ndi zaka khumi, ndipo ndikamawapatsa madzi ndimagwada. Tinakwera minibasi yobwerera. Ndinkangoganiza kuti zaka zonsezi mizu amwa ndi alamu, mphini atemedwa ndi alamu, mayina oipa alandira ndi alamu, ndipo ife a kuchimuna sitidafunsepo mwana wathu funso ngakhale limodzi. Ankhoswe akakumana akaweruza munthu mmodzi pa mlandu wa anthu awiri.

Lachitatu m'mawa ndinapita kudimba kwa alongo anga. Ndinawapeza akupalira mbatata ya kachewere. Ndinagwada m'mphepete mwa mzere.

"Achimwene, adokotala akukufunani Lachisanu. Akuti kuyeza kumayambira kwa abambo."

Khasu linaima m'mwamba. "Iwe, wayamba liti kulankhula zotere ndi ine? Wakutuma ndani?"

"Palibe wandituma. Mukakana, tsiku la ankhoswe ndikaimirira ndekha, ndikanena kuti wayezedwa ndi mmodzi."

"Iweyo? Pagulu? Iwe amene umabisala alendo akabwera?"

"Ineyo."

Anandiyang'ana. Kenaka anayambanso kupalira. Ine sindinachoke. Ndinatola khasu lina lomwe linali pamzere nkuyamba kupalira pambali pawo. Tinamaliza mizere isanu ndi umodzi. Pa wachisanu ndi chiwiri, osandiyang'ana, anati, "Amayi usawauze."

"Sindiwauza," ndinatero. "Koma Lachisanu ndidzakugogoderani ndine."