Dontho la supa mu sipika ya malemu

Mumsewu wa amisiri, pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wogulitsa mabatire, muli kachipinda ka chitseko chobiriwira momwe a Koyilo akhala akukonza masipika kwa zaka makumi atatu ndi zisanu. Dzinali analitola okha. Aliyense wobwera ndi wailesi yosasa mawu ankamuyankha asanaitsegule n'komwe kuti, "Ndi koyilo imeneyo." Ndipo nthawi zambiri inkakhaladi koyilo, waya wopyapyala uja wokulungidwa pakati pa sipika, amene amayenda m'kampata kopapatiza ka maginito. Ngakhale ana awo omwe anafika poiwala kuti bambo awo ali ndi dzina lina la pa chiphaso.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa akulu awo, omwe pano ndi malemu, munthu wosalankhula zambiri koma wachangu kukoka khutu la mng'ono wake. Phunziro loyamba linali la guluu. Mkombero wa sipika, siponji yofewa ija yozungulira pepala lotulutsa mawu, sukhala phee, umagwedezeka ndi liwu lililonse, choncho guluu wake ayenera kukhala wofewa ngakhale atauma. Woyenera ndi wachikasu uja wonunkha ngati wa nsapato. Umapaka mbali zonse ziwiri, n'kudikira mpaka asiye kumata chala, kenako n'kumakanikiza mozungulira ndi zala zodekha, koyilo utaichinga ndi tizidutswa ta filimu ya kamera kuti isakhudze maginito. Koma guluu wa m'kachubu uja anthu amati supa, wogwira pomwepo, amauma gwa ngati galasi ndipo amadya siponji. Akulu awo sankalola kuti alowe n'komwe m'chipindamo.

A Koyilo lamuloli analisandutsa ulaliki, ndipo kunena zoona ankanyanya. Munthu akabweretsa sipika yomwe anayesa kuimata yekha ndi supa, iwo ankaima nayo pakhomo n'kuitana wosoka nsapato kuti adzaone. "Taonani ntchito ya anthu othamanga, bokosi atigulira kale, ife tingoika maliro." Mphunzitsi wina wamkulu anachoka pakhomopo mutu uli pansi. Wina woimba magitala anasiya sipika yake osadzaitenganso chifukwa cha manyazi. Anthu ankapirira mwano umenewu chifukwa sipika yotuluka m'manja mwa a Koyilo inkalira ngati yatsopano.

Chaka chathachi dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Poyamba zinkangochitika m'mawa, kenako tsiku lonse. Anaphunzira kulisunga m'thumba la ovololo akamalankhula ndi makasitomala, ndipo ntchito zofuna diso ndi chala anayamba kuzikana, ati nthawi yachepa. Akazi awo sanapusitsike.

"Bambo, supuni ikulira m'kapumo," anatero tsiku lina pa tiyi.

"Kwazizira lero."

"Ine ndatuluka thukuta," anayankha mayiwo, n'kuisiya pomwepo nkhaniyo.

Lachiwiri lina kunabwera alamu awo, mkazi wa malemu akulu awo aja, atatsogoza mwana wawo wamwamuna atasenza sipika paphewa. Mwanayu ndi bambo wa zaka makumi anayi, dalaivala wa lole. Anamwa mowa zaka khumi zathunthu, anagulitsa ngakhale zipangizo za bambo ake, koma tsopano panali patatha chaka asanalawe dontho. Anabwerera kwa mayi ake, ndipo mwezi womwewo mayiwo anali atangomupatsa kiyi wa chipinda chomwe amasungamo katundu wa malemu. Aliyense m'banjamo ankadziwa kuti kiyi ameneyo sanabwere mophweka.

Sipikayo a Koyilo anaizindikira isanatsitsidwe. Akulu awo anaikhoma okha chaka chomwe anakwatira, bokosi la matabwa olemera, nsalu yakutsogolo yofiirira. Mkombero unali utafumbwa, ukungoyoyoka ukaukhudza.

"Alamu, ndikufuna ndizimveranso makaseti aja malemu ankawakonda," anatero mayiwo. "Wina aliyense sindingamupatse. Ntchito ya akulu anu igwiridwe ndi dzanja lomwe analiphunzitsa okha."

Dzanja lomwe ankalinenalo linali m'thumba, likugunda ntchafu. A Koyilo akanatha kunena pomwepo. M'malo mwake anati, "Loweruka mudzaipeza ikuimba."

Anthu atachoka anakhoma chitseko, chinthu chomwe sankachita masana. Anapala siponji yakale bwinobwino ndi dzanja lamanzere, anachotsa kachipewa kapakati kophimba koyilo, n'kulowetsa tizidutswa ta filimu. Mpaka apo zinayenda. Koma atapaka guluu wachikasu n'kuyamba kukanikiza, chala chinakankha mkombero n'kuupotoza. Anamatula, n'kupukuta, n'kuyambiranso. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu thukuta linali likudontha pachibwano, ndipo anayamba kulitukwana dzanjalo ngati kuti ndi wantchito waulesi.

M'kabati munali kachubu ka supa komwe anamatira mwendo wa magalasi awo. Anadziuza kuti angodontheza malo anayi okha kuti mkombero ugwire, kwinako amalize ndi guluu woyenera. Ndani akanadziwa? Dontho loyamba linagwera pamalo pake. Pa lachiwiri dzanja linadumpha, kachubu kanafinyika, ndipo supa anatsetsereka papepala mpaka pakati pomwe panalibe chipewa, n'kulowa m'kampata ka koyilo. Anatambasula dzanja kuti atenge nsanza, koma anali atachedwa. Atakanikiza pepala ndi chala, silinasunthe.

Masiku atatu analimbana nayo. Anayesa lezala, anayesa sipiriti, anafika pobwereka kwa mwana wawo wamkazi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, ati akufuna kutsukira zomangira. Lachisanu koyilo inaduka. Sipika za mtundu umenewo zinasiya kupangidwa kalekale, ndipo koyilo yake sungaipeze ngakhale utayenda misika yonse.

Loweruka alamu awo anabwera okha, atavala bwino, kaseti ili m'chikwama. A Koyilo anali atakonza mawu m'mutu usiku wonse, mawu oona. Koma wosoka nsapato anali atakhala pakhomo penipeni, singano m'kamwa, makutu ali tcheru. Anali yemwe uja ankamuitana kudzaseka anthu othamanga.

"Alamu, sipika iyi yatheratu," anatero a Koyilo. "Mkatimu muli supa. Alipo anaigwira."

Mayiwo anasuzumira pakati pa sipikayo, n'kuona choyera chouma chija.

"Kiyi wa chipinda chija ali ndi munthu mmodzi," anatero.

A Koyilo sanavomere ndipo sanakane. Anangoyamba kusanja zomangira zomwe zinali zosanja kale. Alamu awo anapepesa chifukwa chowatayitsa nthawi, anapepesa kawiri, n'kutuluka. Kupepesako ndiye kunawapweteka kuposa zonse.

Sabata imeneyo chakudya sichinkawalowa. Ankadziuza kuti sanatchule dzina la munthu, ndipo ankabwereza mawu awo aja m'mutu n'kupeza kuti palibe ngakhale limodzi labodza. Muli supa, zoona. Alipo anaigwira, zoonanso. Koma manyazi sanawasiye. Lachinayi akazi awo anabwera ndi nkhani: alamu alanda kiyi, pakamwa pawo patuluka zonse za zaka khumi zija, ndipo dalaivala akugona m'lole kumalo oimika magalimoto. Mayiwo ankalankhula akupinda zovala, osawayang'ana amuna awo. Atafika pa ovololo anaitambasula, n'kukanda pathumba ndi chikhadabo.

"Ovololo yanuyi ili ndi banga louma gwa, sopo wakanika. Komatu pamene akugona mwanayo, bala ya mowa ili tsidya la msewu."

Anaika ovololoyo pamiyendo pa amuna awo n'kupita kukhitchini.

Lamulungu masana a Koyilo anaika kachubu kaja m'thumba la jekete n'kuyenda wapansi mpaka kwa alamu awo. Njira ya mphindi makumi awiri anaiyenda ola lathunthu. Anapeza dalaivala ali pabwalo, atabwera kudzatenga zovala zake, zomwe mayi ake anali atamuikira m'thumba la pulasitiki pakhonde. Anali atawonda, ndevu zosameta, koma maso ake anali oyera. Atawaona anavula chipewa.

"Mwafika, Bambo."

Mayi ake anatulutsa mpando. A Koyilo anakana kukhala. Anatulutsa kachubu kaja n'kukaika pampandopo, kenako anatambasula dzanja lamanja kutsogolo kwawo, osalibisanso. Linanjenjemera poyera, onse akuona.

"Alamu, supa uja ndinathira ndine. Dzanja ili linatha chaka chatha, ine n'kumabisa. Guluu woyenera anandikanika katatu, ndiye ndinachita chomwe ndakhala ndikunyozera anthu moyo wanga wonse. Sipika ya akulu anga ndapha ndine. Mwanayu sanaikhudze. Ndinaona kuti mukumuganizira iyeyu, ndipo ndinangokhala chete chifukwa pakhomo panali munthu."

Mayiwo anagwira chitseko. Anayang'ana kachubu, anayang'ana thumba la zovala lija, ndipo nkhope yawo inagwa. A Koyilo anali okonzeka kutukwanidwa, ndipo mwina akanapepukidwa akanatukwanidwa. Koma alamu awo anatembenukira kwa mwana wawo, mawu ali pansipansi.

"Nanga iwe unavomereranji? Unagwada apa n'kundipepesa."

A Koyilo sankadziwa zimenezo. Anamuyang'ana dalaivala, yemwe ankapotokola chipewa m'manja, maso ali pansi ngati wolakwa ndi iyeyo.

"Poyamba ndinakana, Mayi, mukukumbuka. Koma nditagona m'lolemo ndinaganizaganiza. Zaka zija ndinkamwa pali zambiri zomwe ndinachita zomwe sindizikumbuka. Ndiye ndinati mwina tsiku lina ndinaigwetsa n'kuimata, kenako n'kuiwala." Anadzutsa maso n'kuyang'ana a Koyilo, mopanda mkwiyo uliwonse. "Popeza munanena ndinu, Bambo, kuti alipo anaigwira. Pakati pa mutu wangawu ndi mawu anu, ndinaona kuti wonama ndi mutu wanga."

Mpando womwe anaukana uja a Koyilo anaukhalira osadziwa, kachubu kali pansi pawo. Mayi aja analowa m'nyumba, n'kumveka akutsegula kabati, akufunafuna kiyi. Panja anatsala awiri. Dalaivala ananjuta pambali pa mpandowo n'kufunsa ngati dzanjalo analionetsa kuchipatala, ndipo anati Lachiwiri alibe ulendo, akhoza kuwaperekeza. A Koyilo anangogwedeza mutu movomera, osatha kumuyang'ana kumaso.