Nsalu Inali Yobiriwira

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili sitandade sikisi kumapiri kwathu kwa Dambe, pamene aphunzitsi athu a Sakwata anandibwereka kabuku kopanda chikuto. Kanali kophunzitsa kalembedwe ka nkhani. Kanali kachingerezi, ndipo poona kuti chingerezi changa chinkatsimphina, iwo analemba matanthauzo m'mbali ndi pensulo. Mfundo imodzi inandilowa kwambiri. Akuti wolemba asanene kuti munthu anali ndi chisoni, koma aonetse chimene manja a munthuyo ankachita.

Kabukuko ndinkayenda nako ngakhale kumunda wa kachewere. Ndiye aphunzitsi atatiuza kuti aliyense alembe nkhani yodzawerenga tsiku lotsekera sukulu, ndinafufuza m'mutu mwanga manja amene ndinawaonapo akuchita chinthu chosaiwalika. Analipo amodzi okha.

Chaka chomwecho, nyengo yozizira, amayi anga anali oyembekezera. Tsiku lina m'mamawa, nkhungu itakuta mudzi wonse, ndinaona amayi aakulu, akulu awo a amayi anga, akutuluka m'nyumba mwathu ndi azimayi ena atatu. Mmodzi anafukata kanthu kokulungidwa m'nsalu, wina anali ndi khasu. Palibe ankalira. Anatsetserekera kumunsi kwa munda wathu wa tirigu, nkhungu n'kuwameza. Nditasuzumira pakhomo ndinapeza amayi ali pamphasa, akupinda kachipewa kamwana kamene analuka, n'kukatambasula, n'kukapindanso. Masana amayi aakulu anandiuza kuti amayi adwala malungo. Mimba ija palibe anaitchulanso.

Sindinkadziwa kuti mwana wobadwa atafa kale amatchedwa nthayo. Kwathu saliridwa, amuna sapita kokamuika, dzenje lake silikhala lakuya, ndipo sakambidwa, poopa kuti mayi wake angaleke kubereka. Ine ndinangodziwa kuti ndapeza nkhani.

Sindinatchule dzina la munthu. Koma munda wa tirigu ndinaulemba, kachipewa kaja ndinakalembanso. A Sakwata anali mlendo wochokera ku Blantyre, za kwathu sankazidziwa. Atawerenga anavula magalasi.

"Iwe Esinati, zimenezi wazitenga kuti?"

"M'mutu, aphunzitsi."

Bodza limenelo ndinalilapa kambirimbiri pamaso pa Mulungu.

Tsikulo makolo anakhala pansi pa mitengo, amayi anga ali pakati pawo. Ndinawerenga mokweza, monyadira. Nditafika pa khasu, azimayi anasiya kunong'onezana. Nditafika pa kachipewa, wina anafunsa chapansipansi, "Kodi mwana ameneyu ngwa yani?" Amayi anaimirira, anamanga chitenje, n'kuyamba ulendo wa kunyumba osatembenuka. Azibambo angapo anayamba kuwomba m'manja, koma poona nkhope za akazi awo, anasiyira panjira.

Kunyumba amayi aakulu anandichingamira pabwalo.

"Sukulu yakoyo ndi yofukula manda, eti? Mayi ako akapanda kuberekanso, udzayankha ndiwe."

Amayi sanandimenye. Zikanakhala bwino akanandimenya. Masiku anayi ankandiikira chakudya osandiyang'ana, ndipo nyumba inazizira kuposa panja. Ndinkaopa kuti mawu awo sindidzawamvanso akunditchula dzina.

Tsiku lachisanu ine ndi amayi tinali kukumba kachewere awiriwiri. Dothi linali lonyowa, zala zikuuma. Mwadzidzidzi anaimika khasu.

"Kapepala kaja uli nako?"

Kanali m'kabuku kaja, m'thumba. Ndinavomera ndi mutu.

"Werenga. Usathamange ngati tsiku lija."

Ndinawerenga pang'onopang'ono. Nditamaliza anati, "Walakwitsa. Nsaluyo sinali yofiira. Inali yobiriwira, ija bambo ako anandigulira ku Boma." Anakhala pansi pamzere. "Anali wamwamuna. Makutu ake anali ngati akowa."

Pamenepo analira. Kanali koyamba kumulira mwanayo, pakati pa mizere ya kachewere, mboni ndili ine ndekha. Atapukuta nkhope anandikokera pafupi.

"Mwanawe, ngakhale lichero la mnzako umayamba wapempha. Nanga maliro a munthu?"

Kabuku kaja ndinakabweza. Sukulu ndinalekera sitandade eyiti, koma zimene ndinaphunziramo zikundithandizabe. Ana a Sande sukulu samagona ndikamawafotokozera nkhani, ndipo ndimathokoza a Sakwata kulikonse kumene ali.

Koma amayi sanaberekenso. Ine ndine womaliza. Nditakula, anamwino a kusikelo anandiuza kuti kulira kapena kukamba sikutseka mimba ya munthu, ndipo ndimawakhulupirira. Mulungu wandipatsa ana anayi, ndikudziwa kuti mphatsoyo amapereka ndi Iye. Komabe nkhungu ikatsika m'mamawa ndimaona azimayi anayi aja akutsetsereka ndi khasu, ndipo mawu a amayi aakulu amabwerera. Ndimaima pakhomo n'kupemphera mpaka dzuwa litaboola.

Tsopano ndimamvetsa chimene kabuku kaja sikananene. Kanandiphunzitsa kuona manja a munthu, koma sikanandiuze kuti manjawo ali ndi mwini wake. Nkhaniyi ndakhala nayo zaka zonsezi osailemba. Amayi ali pafupi kutisiya, ndikuwasisita mapazi, ndinawapempha monga ndinayenera kuchitira kalekale. Anamwetulira.

"Udzalembe. Mlongo wako asangosowa ngati sanabwere. Koma nsaluyo ikhale yobiriwira."

Amayi, ndalemba. Inali yobiriwira.