Mpata wa Mayi Kumbaninso

Amisiri onse m'tauni muno amawatcha Mayi Kumbaninso. Ndi injiniya wa maziko, ndipo dzinali analitola chifukwa dzenje limodzi siliwakwanira. Ukawauza kuti pamalo pano nthaka ndi yolimba, amagwada, kutapa dothi, kulifinya m'manja, kenako n'kuloza kwina: "Kumbaninso apo." Okumba amang'ung'udza, koma amakumba.

Ntchito imene amainyadira kwambiri ndi mdadada wa makalasi kuseri kwa msika. Kontrakitala anali mlamu wawo, ndipo simenti inali yoperewera. Maenje ambiri anaonetsa nthaka yabwino, koma lakumapeto linatulutsa makande, dothi lakuda lija lofufuma dzinja n'kung'aluka chilimwe. Pamene makandewo athera, palibe ankadziwa.

"Alamu, tingokulitsa maziko onse," anatero kontrakitala.

"Simenti ithere pansi, makoma alekere m'chiuno?"

"Ndiye tichepetse onse."

"Khoma likagwera mwana, okauza make ndinu?"

Mayiwo anakhala pa desiki n'kumayesa kuya, kutambalala ndi zitsulo, kufuna maziko osadya simenti koma opirira dothi litaipa chotani. Anamiza maziko mbali ya makande, n'kupitirizako pang'ono pamene ankakayika, kwinako n'kuchepetsa. Pakati pa mbali ziwirizo anasiya dala kampata kuyambira pansi mpaka kudenga, kotseka ndi labala, kuti mbali ina ikasuntha isakoke inzake.

Anthu anaseka. Ankati injiniya wa masiku ano amamanga nyumba ndi mng'alu wake womwe. Ngakhale apongozi awo anafunsa pa chakudya ngati kusukulu kuja anamalizadi. Zinawapweteka, osanama.

Mvula ya chaka chimenecho inagwa yosaona nkhope. Itakata, mayiwo anapita kusukuluko mtima uli m'mwamba. Anazungulira mdadada wonse akusisita pulasitala ndi chikhatho, osapeza mng'alu ngakhale wonga tsitsi. M'kati ana ankalakatula mawerengero mokuwa. Kampata kaja kokha ndi kamene kanakula, moti chala chinkalowa.

Kontrakitala anafika, naye n'kupisamo chala chake chonenepa.

"Alamu, nyumbayi yasunthatu."

Mayi Kumbaninso anapukuta manja, chimwemwe chitadzaza mumtima.

"Yasuntha, alamu. Koma yasunthira pamene ndinaiuza."