Makona anayi a pikapu ya ku Chikweo

Ndinayamba kupinda mapaipi mano onse akadali m'kamwa. Shedi yanga ili ku Liwonde, kuseri kwa msewu wopita ku siteshoni ya sitima, ndipo madalaivala ambiri amene anathyokerapo ekizosi pakati pa Balaka ndi Ntaja amaidziwa. Sukulu ndinalekera ku pulayimale. Zotsalazo anandiphunzitsa ndi moto ndi chitsulo.

Kapindidwe kanga ndi aka. Umatapa mchenga m'mbali mwa Shire, kuusefa, kuuyanika pa lata masiku awiri mpaka uume kuti gwa. Wonyowa ndi woopsa, ukatentha umaphulitsa chotsekera ngati mfuti. Umatseka paipi mbali imodzi ndi kachipika ka mtengo, n'kumathira mchenga pang'onopang'ono uku ukugogoda ndi nyundo, mpaka paipiyo ileke kulira ngati belu. Ukatseka mbali inayo, umaika pa makala pofuna kupindapo pokha, pafiire ngati phwetekere. Ndiye kuikoka mozunguliza limu yakale ya tayala la lole imene ndinaikwirira pansi ndi simenti. Mchengawo umagwira paipi m'kati kuti isaphwatalale. Kona imodzi imadya m'mawa wonse. Koma kona yanga sinang'ambikepo.

Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Utale, makanika wa mapepala ake, wodutsa ku sukulu ya ntchito zamanja. Anabwera kudzakhala chikamwini pamudzi pa akazi anga, ndipo poti ntchito yathu ndi imodzi ndinamupatsa malo mu shedi. Kuwotcherera amadziwa, sindinganame. Vuto lake linali phuma. Chilichonse chotenga nthawi kwa iye chinali chachikale.

Kwathu kuno mkamwini sumamukalipira. Timaitanana kuti apongozi, timapatsana moni titavula zipewa, ndipo mawu olemera amadzera kwa mkazi wake. Mwambo umenewu ndinausunga zaka zonse zimene tinagwirira limodzi. Ndikaona chokhota, ndinkangochikonza iye atapita kukadya.

Tsiku lina anatsika minibasi atasenza chinthu chofiira pa phewa. Anachiika pakati pa shedi n'kuchipukuta ndi malaya ake. Inali jeke yaikulu yoikidwa m'kati mwa zitsulo, pamodzi ndi tizitsulo tokhota ngati zigamba za mphika, tosiyana kukula. Umalowetsa paipi, kupopa jeke, paipi n'kupindika.

"Apongozi, mavuto atha," anatero. "Awa ndi makina opindira mapaipi. Ndinawaona pa foni. Kona imodzi, madzi a tiyi asanawire yatha. Popanda utsi, popanda mchenga."

"Munawapeza kuti, apongozi?"

"M'tauni. Otchipa zedi. Mwini shopu amachita kundikakamiza."

Ndinatola kachitsulo kamodzi n'kukayeza pa paipi yathu. Kanali kotakasuka, chala chaching'ono chimalowa pambali. Tizitsulo timeneto anatipangira mapaipi a madzi, aja onenepa khungu. Athu a galimoto ndi opyapyala. Ndinadziwa pomwepo chimene chidzachitike. Koma ndinangoti, "Chabwino, apongozi," n'kubwezera pansi. Kulakwa kwanga kunayambira pamenepo.

Sabata yomweyo kunabwera kasitomala wanga wakale, bambo wachisilamu wa ku Chikweo, wamalonda. Ali ndi pikapu imene imanyamula thonje ndi chinangwa, ndipo masiku a msika imanyamula anthu. Amene anakwerapo matola a kumeneko akudziwa. Anthu amaimirira kumbuyo mothithikana, onse atagwira zitsulo za pamwamba, ena atakhala pa zitsulo zomwezo miyendo ili lende. Galimoto ikagwa m'dzenje, thupi la munthu aliyense limatsamira pa makona. Zitsulo zake zakale zinali zitadyeka ndi dzimbiri, ndiye amafuna zatsopano: mauta awiri, makona anayi, ndi zopingasa.

Tinagwirizana. Madzulo ake ndinalandira uthenga wa maliro a mlamu wanga ku Balaka. Ndisananyamuke ndinati, "Apongozi, muduliretu mapaipi. Kupinda tidzaonera limodzi." Anavomera ndi mutu.

Ndinakhala kumaliro masiku atatu. Nditabwera ndinapeza pikapu itaima pakhomo pa shedi, zitsulo zitamangidwa kale, zitapakidwa penti yobiriwira yonyezimira. Anthu odutsa ankacheuka. Mkamwini wanga anali atapita kukagula mabauti.

Ine chitsulo ndimachiona ndi dzanja. Ndinayendetsa chikhatho pa kona yoyamba. Inali yosalala kwambiri, ndiponso yonenepa kuposa paipi yake. Ndinagogoda ndi sipanala pa paipi yowongoka, inalira. Ndinagogoda pa kona, kunangomveka phu, ngati wamenya dzungu. Ndinakanda ndi sikuludalaiva. Pansi pa penti panatuluka ufa wotuwa. Inali fila, phala lija timamatira thupi la galimoto likabonyoka.

Ndinakanda mpaka kufika pa chitsulo. Paipi inali itaphwatalala ngati phesi la chimanga lopondedwa ndi ng'ombe, m'kati mwa kona mutakwinyika. Makona onse anayi chimodzimodzi. Ina inali ndi kamng'alu kale, kopyapyala ngati tsitsi.

Ndinalavula. Makinawo sindinawakwiyire kwenikweni, chitsulo chotchipa chimachita zotchipa. Chimene chinandinyansa n'chakuti munthu anaona ndi maso ake kuti paipi yafa, n'kukagula fila, kuisakaniza, kumata, kukwecha ndi sandipepa mpaka kusalala, n'kupaka penti kawiri. Nthawi imene anataya pobisa inali yokwanira kupinda makona awiri ndi mchenga. Ndipo pikapu imeneyo ikanatuluka pa shedi yanga, m'dzina langa.

Ndinatsata mwambo. Ndinapita kunyumba kwa mwana wanga, ndinamupeza akuchapa.

"Iwe, ukawauze amuna ako kuti makona aja achotse. Onse anayi."

"Alakwitsa chiyani, ababa?"

"Amata fila pa paipi yophwanyika. Anthu adzagwa."

Anapukuta manja pa chitenje osandiyang'ana. Kenako anati akawauza. M'mawa mwake anabwera ndi yankho, ataima patali.

"Akuti n'zolimba, ababa. Akuti anadzilendewetsa okha sizinagwedere. Akuti inuyo makinawo simunawakonde chibwerere."

"Thupi limodzi si anthu a msika."

"Ababa, chonde musawachititse manyazi. Mwini galimoto akubwera lero. Mukatero pano sakhalapo, ndikuwadziwa. Ndipo akachoka ine nditsala bwanji?"

Ndinadziwa kuti sakunama.

Mwini pikapu anafika dzuwa litakwera, ali ndi kofiya yake yoyera kumutu. Mkamwini wanga anali pomwepo, akupukuta penti ndi kansalu. Pamene ndinakanda paja anali atamatapo kale fila ina.

"Achimwene, mwakalamba koma manja akadali anyamata," anatero wamalondayo akuizungulira galimoto. "Izi ndiye za ukwati. Anthu azikana kutsika."

"Mawa mukunyamula?" ndinamufunsa.

"Mawa ndi msika. Mulungu akalola, maulendo awiri. Nanga mwatupa nkhope bwanji, maliro aja sanathe?"

Ndinayang'ana mkamwini wanga, ndikudikira kuti mwina atsegula pakamwa. Anapitiriza kupukuta.

Ndinalowa mu shedi, ndinatenga sowo yodulira zitsulo, ndinakwera kumbuyo kwa pikapu. Ndinadula kona ya kutsogolo, pamwamba ndi pansi. Nditamaliza ndinaimenyetsa pa limu yanga, fila inasweka n'kugwa ngati chigoba cha dzira. Ndinaipereka kwa mwini galimoto.

"Suzumirani m'katimo, achimwene. Mukaona kuwala mundiuze."

Anaika diso. Anatembenuza, anaikanso. Kuseka kuja kunatha.

"Pa kona iyi ndi pamene amatsamira mayi a kunyumba," anatero motsitsa mawu, "atabereka mdzukulu. Amati kukhala m'kati ndi dalaivala kumawachititsa nseru."

"Mundipatse masiku anayi. Msika wa mawa mwaluza, mukhululuke. Mapaipi atsopano ndigula ine."

Sanafunse kuti wachita ndani. Sanafunikire kufunsa. Anayang'ana makina ofiira aja, anayang'ana kansalu kamene kanali m'manja mwa mkamwini wanga, anatsanzika n'kupita kukakwera minibasi.

Titatsala awiri, mkamwini wanga anayankhula.

"Apongozi, mukanandiitanira kumbali."

"Ndinatuma akazi anu, apongozi. Yankho ndinalandira."

"Pamaso pa kasitomala?"

"Pamene munkamata fila ndi pamene panalibe munthu."

Ndiwo mawu olemera okhawo amene ndinamuuzapo maso ndi maso chikwatirire mwana wanga. Anaika kansalu pa boneti n'kuchoka.

Makona anayiwo ndinapinda ndekha. Mchenga wouma unalipo m'thumba. Kukoka paipi yotentha pa limu ndi ntchito ya anthu awiri, ndipo msana wanga unandikumbutsa zimenezo sabata yathunthu. Sindinapake penti yonyezimira. Ndinangopaka yoteteza dzimbiri, yopyapyala, kuti aliyense aone chitsulo chili pansi pake.

Mwezi usanathe mkamwini wanga anakweza makina ake pa minibasi, anakatsegula pake ku Balaka. Mwana wanga anamutsatira, pamodzi ndi ana awo awiri. Anasiya nyumba imene anamanga pa malo a mayi ake, anasiya ndi munda. Kwathu mkazi sachoka pamudzi pa mayi ake chisawawa, ndipo abale a akazi anga anandiuza zimenezo mosapsatira. Akazi anga ankandiikira chakudya osandiyankhula mpaka mvula inagwa. Ankati ndasankha chitsulo kusiya mwana. Ine ndinkati ndasankha anthu a ku Chikweo amene sindikuwadziwa n'komwe maina. Kunena zoona ndinasankhanso dzina langa, ndipo sindichita nazo manyazi.

Chimene ndimadzidzudzula nacho ndi chimodzi. Tsiku lija ndinayeza kachitsulo pa paipi, ndikanayankhula. Ulemu unanditseka pakamwa pamene mawu akanakhala opepuka, ndiye ndinadzayankhula ndi sowo.

Pikapu ija imadutsabe pa Liwonde, yodzaza mpaka pamwamba, ndipo mwini wake amaliza hutala akafika pa shedi. Kona yophwatalala ija ndinaikoleka pa msomali pakhomo. Aliyense wondiuza za makina a pa foni ndimamupatsa kuti asuzumiremo. Ndipo masiku ano ndisanakwere matola alionse ndimagogoda makona ndi kiyi. Madalaivala amandiseka. Ambiri mwa makonawo amamveka phu, ndipo zikatero ndimadikira galimoto ina.

Chaka chatha mwana wanga anabwera kudzaona mayi ake. Potsanzika anaima pakhomo pa shedi, maso pansi.

"Ababa, amuna anga akuti muwagaireko mchenga wosefa. Akuti akathira m'paipi, makina aja sakuphwanya kwambiri."

"Akuti kwambiri?"

"Ndi mmene anenera."

Ndinamudzazira thumba, ndinaikamo tizipika tiwiri totsekera. Ndinamuuza kuti akawauze asauike ponyowa. Atawerama kuti asenze, chikwama chake chinatseguka. M'katimo munali chitini chatsopano cha fila, chimene amuna ake anamutuma kuti agule pobwerera. Anachibisa msanga ndi mpango. Ine ndinamutwika thumba lija, ndinabwerera pa moto.