Mbale Yoboola ya ku Bwinja

Mudzi umene anabadwira amayi, kuseri kwa Nsaru, kulibenso. Anthu anasamutsidwa ine ndisanabadwe, malowo atasanduka esiteti ya fodya. Ife tinakulira pafupi ndi mishoni, koma amayi ankangoti "kwathu" akamanena za bwinja lija, mpaka zinkanditopetsa.

Atayamba kudwaladwala anandipempha chinthu chimodzi: akadzamwalira tidzawaike pambali pa amayi awo, agogo anga, kumanda a kubwinjako. Ndinavomera msanga, poganiza kuti manda sasowa. Iwo anati tipite akandionetse malowo maso akadali kuona.

Tinatsika minibasi pa Nsaru n'kukwera kabaza. Tisanafike n'komwe anali atandiuza zizindikiro zonse: mkuyu wa pabwalo, mango a amalume awo, kenako msitu wa kumanda. Pamtumbira wa agogo, anatero, pali mbale yabuluu imene anaiboola okha ndi msomali. Kwathu kuno mbale ya pamanda timaiboola kuti wina asaitole n'kukadyeramo.

Tinapeza mizere yokhayokha yodikira fodya, kuyambira kumsewu mpaka kudambo. Mkuyu kulibe, mango kulibe, msitu udatha kalekale, mitengo yake idapita m'zigafa zoumitsira fodya. Amayi anayenda uku ndi uku, kuima, kuloza, kenako n'kusintha maganizo. Ine ndinapsa mtima, koma woti ndimukalipire panalibe.

Kunatulukira bambo wina wa tenanti, khasu lili paphewa. Chichewa chake chinali cha kummwera.

"Kodi mukufuna ndani, amayi?"

"Tikufuna manda. Panali manda pano."

"Manda? Ife tabwera chaka chatha. Tinapeza ndi munda kale."

Amayi anafunsa za mbale. Nkhope ya bamboyo inawala, kusangalala kuti watithandiza.

"Oo, zoboola zija eti? Zimatuluka tikamalima. Tiyeni mukaone."

Anatitengera kunazale yake ya fodya, kudambo. Kumeneko anali atamangirira mbalezo pachingwe, kuti mphepo ikawomba zizigundana n'kuthamangitsa nkhuku. Mabowo aja ndi amene anamuthandiza pomanga. Amayi anayenda motsata chingwecho n'kuima pa imodzi. Utoto unali utasupuka, koma buluu ankaonekabe m'mbali.

"Iyi munaitola pati, bambo?"

Bamboyo anayang'ana munda wonsewo n'kukanda m'mutu. Atamvetsa kuti mbalezo zinali za chiyani, anayamba kumasula mfundo msangamsanga.

"Pepani, amayi, sindimadziwa ine. Sindingakumbuke, mundawu ndi waukulu."

Sindinamude. Nayenso anali mlendo, wodzasaka chakudya cha ana ake.

Pobwerera amayi anakulunga mbale ija m'chitenje. Mvula ya chaka chomwecho isanathe anamwalira, ndipo tinawaika kumanda a kumishoni, pakati pa anthu osakhala abale awo. Lonjezo lija linandikanika, ndipo limandiwawa mpaka lero. Mbaleyo ndinaiika pamtumbira wawo, popeza cha agogo chimene chikanatha kugona pambali pawo chinali chokhacho.

Chilimwe chathachi ndinapita ndi ana anga kukalambula pamandapo. Ndinawauza dzina la mudzi uja, iwo n'kumangogwedeza mitu, maso ali pafoni. Nditawerama kuti ndikhazike bwino mbale ija, ndinamva khasu likulira chapafupi. Mizere ya munda wa wina inali itafika kale pa mitanda yoyambirira.