Malo Anga a ku Halale

Nkhondo itangotha, atsibweni anga amene ankagwira ntchito pa hotela ina ku Halale anatumiza uthenga kwathu kwa Mpama kuti kukhitchini kukufunika mnyamata mmodzi. Anatchula ine. Mayi anandikazingira mtedza wa kamba wa panjira, ine n'kuyamba kutsanzika mudzi wonse, mpaka mtsikana wina woyimba kutchalitchi kwathu amene ndinkamufuna mumtima koma ndisanamuuze.

Ulendo utayandikira, ndinapita kukadula mitengo yoti ndiwakonzere mayi nkhokwe ndisanachoke. Nkhwangwa inaphonya mtengo n'kundilowa m'phazi. Anandinyamula pa machila mpaka ku chipatala cha ku Nguludi. Ndili chigonere, abale anagwirizana kuti malowo asapite pachabe, apite mphwanga, mwana wa mayi anga aang'ono.

Anabwera kudzanditsanzika atavala jekete yomwe ndinagulira ulendowo.

"Achimwene, musadandaule," anatero. "Ndikakufunirani malo ena."

Ndinangotembenukira kukhoma. Ndinkalakalaka sitima itamusiya.

Pa bedi loyandikana nane panagona bambo wina wachikulire, Myao, telala wa pa Njuli. Anandiona ndikukana chakudya.

"Mwanawe, ukulirira phazi limodzi?" anandifunsa. "Makina anga amapalasidwa ndi phazi limodzi lomwelo. Ukachira ubwere."

Nditatuluka m'chipatala, ndikutsimphina, khasu linandikanika, ndipo kukhala pakhomo kumva anthu akusimba za mphwanga kunkandiwawa kuposa chilonda. Ndinapita pa Njuli. Bamboyo anandikhazika pa khonde la sitolo n'kundipatsa zigamba. Ndinathyola singano zambiri, iwo akungoseka. Pang'onopang'ono ndinafika posoka malaya, kenako mathalauza, ndipo ndinadabwa kuti ntchitoyo ndinkaikonda.

Patapita zaka, mphwanga anabwera kutchuthi ndi njinga yatsopano, chipewa ndi galamafoni. Madzulo anthu ankaunjikana pakhomo pawo kumvera nyimbo. Ine ndinkadutsa cha kuseri, koma makutu anali komweko. Chilichonse chimene anali nacho ndinkachiona ngati changa: belu la njingayo, nsapato zake, ngakhale Chingelezi chake chopotokacho.

Tsiku lina anafika pa khonde paja ndi nsalu yakuda yokongola.

"Achimwene, mundisokere suti. Ndikukwatira."

"Ndani?"

Anatchula mtsikana woyimba uja.

Ndinamuyeza mapewa. Atachoka, ndinakhala nthawi yaitali lumo lili m'manja. Aphunzitsi anga aja anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nsaluyo sinakulakwire. Ngati mtima sukufuna, ndipatse ndisoke ine."

Sindinawapatse. Ndinaisoka ndekha, mosamala kuposa chovala chilichonse chimene ndinasokapo, pofuna kuti pa ukwatiwo pakhale chinthu chimodzi choti iye sangadzitame nacho. Ku ukwati ndinapita, ndinadya, ndinavinako pang'ono ndi phazi langalo. Mkwatibwi nditamuona akumwetulira, ndinayang'ana kumbali.

Anthu anafunsa amene anasoka sutiyo, ndipo kuyambira pamenepo ntchito sinandisowe. Chaka chotsatira ndinagula makina angaanga, kenako ndinakwatira mkazi wa ku Mbombwe amene ankabwera kudzasoketsa madiresi a ang'ono ake. Mphwanga anabwerera ku Halale ndi mkazi wake, ndipo ankati akabwera, timacheza bwino. Komabe akayamba kusimba za magetsi a m'tauni ndi nyumba zosanjikana, ine ndinkadzuka n'kunena kuti ndili ndi nsalu ya mwini yoti ndimalize.